Mutu 5: Kambiya Kamene Lines Anatsuka

1. Chimene ananena a Isake

"Khala pansi, iwe Lines. Ndati pansi, osati kundiimirira pamutu ngati kapitawo wa ku esiteti."

Awa anali a Isake, atsibweni ake a Lines. Lachiwiri limenelo anali atangotsika kuphiri, nsapato zili matope okhaokha. Munthu ameneyu anakalambira m'phiri la Mulanje. Anayamba ndi upotala, kusenzera alendo katundu, kenaka anakhala gaidi wowatsogolera njira. Koma chimene anthu a ku Likhubula ankawaopera chinali china. Ndiwo ankasunga phanga la timbiya.

Phangalo linali pambali pa njira ya mapotala, ulendo wa ola limodzi kuchokera pamudzi. Munali timbiya khumi ndi tiwiri, mbumba iliyonse kake. Mvula ikayandikira, akuluakulu ankakwera kukathiramo thobwa ndi ufa wa mapira, nkumatchula maina a makolo. Potala aliyense akafika pamenepo ankatula katundu, nkuwomba m'manja, kenaka nkumapitirira. Ngakhale oimba kwaya kutchalitchi ankawomba.

Lines anali mu Sitandade 8. Sukulu yake inamusankha kuti akayankhule pa mpikisano wa masukulu ku Boma Lachisanu. Funso lake linali lakuti, kodi mtima wa dziko la Malawi uli kuti? Mwana aliyense ankayenera kutenga chinthu chokaonetsa, ndipo Lines anali atangopempha kambiya ka mbumba yawo.

"Tabwerezanso," anatero a Isake. "Mwina makutuwa alowa mphepo ya kuphiri."

"Tsiku limodzi lokha, atsibweni. Loweruka kabwerera. Inuyo si uja mumati phirili ndiye mtima wa dziko? Ndikufuna a ku Boma akadziwe."

"Mtima, eti? Unaonapo munthu akuyenda mumsika wa Chinakanaka mtima wake uli m'manja kuti anthu auone? Mtima umakhala mumdima, m'kati mwa nthiti. Ukauona pabwalo, dziwa kuti mwini wake wafa.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Phirili ndi la dziko lonse, sindikukana. Mitambo imayamba yagona pano isanapite kwina. Madzi amene ukumwa iwe, amene akumwa a ku Boma, amene akumeretsa tiyi amene mayi ako akuthyola, onsewo atsika umu. Koma phirili lili ndi eni ake, ndipo eni akewo sakonda kuonetsedwa. Timbiya tija si ziwiya. Ndi pakamwa pa makolo. Kathu kaja anaumba ndi agogo awo a agogo ako atangofika kuchokera ku Mozambiki, ndipo chiumbireni sikanasunthepo. Sakanyamula. Sakapendeka. Sakaloza ndi chala. Ine amene ndimasesa m'phangamo ndimasesa molambalala, ndipo tsache likakhudza mwangozi ndimapepesa.

"Za napolo wa ku Phalombe unazimva. Iwe unali usanabadwe, ine ndinakwirira nawo anthu. Miyala yonga nyumba inkathamanga ngati mbuzi. Phiri likakwiya silisankha kuti wolakwa ndi uti. Ndipo phiri likachedwa kukwiya, anthu sachedwa. Masiku a matipate ano aliyense ali ndi pakamwa, wina ali ndi mwala m'manja. Ukakhudza kambiya kaja sudzalira wekha. Ndanena."

"Ndamva, atsibweni," anatero Lines.

Ana inu, "ndamva" wa mwana amene maso ake ali kwina ndi woopsa kuposa kukana.

2. Mchenga ndi phulusa

Chaka chapitacho Lines anapitanso ku mpikisano womwewo, ndipo ana a masukulu a pa Boma anamuseka. Ankayeseza kayankhulidwe kake ka Chilomwe, ena nkumagwira mphuno amvekere akununkha utsi wa kuphiri. Anabwerako chimanjamanja. Chaka chino analumbira kuti sasekedwanso.

Lachinayi m'mawa a Isake ananyamuka ndi azungu atatu. Ulendo wake unali wautali, wokatsikira mbali ina ya phiri nkubwerera Lachitatu. Mayi ake a Lines, a Emma, anali ku esiteti. Pakhomo panalibe diso.

Ataweruka kusukulu, Lines anatenga chingwe ndi chikwanje ngati wopita kunkhuni, nkuyamba kukwera. Panjira sanakumane ndi munthu. Atafika paphanga sanawombe m'manja. Anawerama nkulowa.

Munali zii, mozizira, monunkha thobwa lakale. Timbiya tinali pamzere, tonse takuda bii. Kawo kanali kachitatu kuchokera kukhomo. Atakakoka kanayamba kakana, chifukwa kanali katamatirira pansi. Anakokanso ndi manja awiri, kanazuka. Anakakulunga m'chitenje, nkukabereka kumsana ngati khanda, nkutsika.

Atafika m'munda wa nandolo kuseri kwa nyumba anakamasula kuti akaone bwino padzuwa. Nkhope yake inagwa. Kambiyako kanali ndi nkhoko zochindikala kunja ndi m'kati, zouma gwa, zina zitachita nkhungu. Zinali thobwa ndi ufa wa zaka ndi zaka.

Pamenepo anakumbukira mawu a aphunzitsi ake, a Morton: "Zokaonetsa zonse zikhale zaukhondo. Kukubwera akuluakulu a zamaphunziro, musakandichititse manyazi." Anakumbukiranso mayi ake, amene chiyambire ali wamng'ono ankamuuza kuti mtsikana wogoneka mphika wakuda ndi mtsikana wopanda mwambo.

Tsono Lines anachita chimene mtsikana woleredwa bwino amachita akaona chiwiya chakuda. Anatapa phulusa, natenga kachidutswa ka sopo, nkutsikira kumtsinje, kumtunda pang'ono kwa pamene amayi a m'mudzimo amatunga madzi. Anakaviika. Anakakwecha ndi mchenga. Anapala ndi kamtengo. Nkhoko zija zinayamba kumatuka nkumapita ndi madzi.

Pansi pake panatuluka dothi lofiira, losalala, lokhala ndi mizere yokhotakhota pakhosi. Panalibe munthu wamoyo amene anaionapo mizere imeneyo.

"Eee, kukongola!" anatero Lines.

Chimene makolo anadya kwa zaka zosawerengeka chinatha dzuwa lisanalowe.

3. Ku Boma

Lachisanu holo ya ku Boma inadzaza. Mnyamata wina anaonetsa mapu nkuloza Lilongwe. Mtsikana wina anatambasula mbendera. Wina anasimba za kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje, koma m'manja analibe kanthu.

Lines atayamba kuyankhula, kumbuyo kunamveka kuseka kuja kwa chaka chatha. Iye sanaime. Anamasula chitenje nkukweza kambiyako m'mwamba.

"Likulu amasamutsa," anatero. "Linali ku Zomba, lero lili ku Lilongwe. Zipani zimabwera nkupita. Koma phiri la Mulanje ndani angalisamutse? Kumeneko ndi kumene mvula imagona, ndi kumene makolo amadyera. Mbale yawo ndi iyi."

Kuseka kuja kunatha. Anthu anawomba m'manja mpaka ena kuimirira, ndipo wojambula zithunzi anamuuza kuti akwezenso kachiwiri. Oweruza anati zotsatira adzatumiza kumasukulu sabata yotsatira.

Potuluka, a Morton anamuitanira pambali.

"Kambiya aka, atsibweni ako akudziwa?"

"Andibwereka okha, aphunzitsi."

"Chabwino. Ukawathokoze."

Loweruka m'mawa Lines anakwera kukabweza. Anakaika m'kadzenje kake komwe kaja. Anabwerera m'mbuyo kuti aone. Pakati pa timbiya khumi ndi kamodzi takuda, kawo kanali psuu, ngati mkwatibwi pamaliro. Anatapa dothi nkukapaka, dothilo linangoyoyoka. Anapakanso ndi malovu, osatheka. Anatuluka nkuthamanga osacheuka.

4. Pilato

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Amene anabzala ndi mvula yoyamba chimanga chinawapsera m'nthaka, ndipo anthu ankayang'ana kuphiri ndi maso ofunsa.

Lolemba potala wina dzina lake Brave anaterereka ndi katundu kumtunda kwa phanga lija nkuthyoka mwendo. Panali pouma, pamalo pamene anadutsapo kosawerengeka. Anzake anamutsitsa pamachira. Mkulu wake, Pilato, anatsalira kuti akapepese m'phanga. Analowa akuwomba m'manja, anatuluka akutukwana.

Pilatoyu anali atasenza katundu zaka khumi ndi zisanu osakwezedwa kukhala gaidi, ndipo ankati amene ankamutsekera njira ndi a Isake. Tsiku lomwelo nkhani inafika pazipata za nkhalango pamene mapotala amadikirira alendo, inafika pampopi, inafika mumsika. Inkati a Isake agulitsa kambiya ka makolo kwa azungu aja, nkuikapo katsopano ka ku Chinakanaka. Ambiri anakwera kukadzionera okha. Anaona kambiya kofiira ka mizere kamene sanakaonepo, nkutsika atakhulupirira.

Lines anazimva zonsezo ali ndi ndowa pamutu. Anangopitirira ulendo wa kunyumba.

Lachitatu masana a Isake anafika pakhomo pa mlongo wawo, chikwama kumsana. Asanapemphe n'komwe madzi akumwa, bwalo linali litadzaza: mapotala, amayi, ocheka matabwa, ena ndi zibonga.

"Mwabwera, abwana a mizimu?" anatero Pilato. "Azungu anu mwawaperekeza bwino? Katundu wawo sanalemere pobwerera?"

"Iwe Pilato, ukuyankhula ndi ine kapena ndi mnzako wa kubawo?"

"Ndikuyankhula ndi wakuba! Kambiya ka mbumba yanu kali kuti? Mng'ono wanga ali gone kuchipatala, mwendo uli pawiri. Chimanga chapsa. Inu mwagulitsa makolo, mwatiikira chidole cha pamsika, mumayesa ndife ana?"

"Chidole chanji?"

"Chofiira! Cha mizere! Musadzipusitse, madala!"

A Isake anatembenuka pang'onopang'ono nkuyang'ana pakhonde, pamene Lines anaima atagwira nsanamira. Anamuyang'ana kamodzi kokha, nkubweza maso.

"Ine sindinagulitse kanthu," anatero.

"Ndiye watenga ndani? Wosunga phanga ndinu. Tchulani!"

A Isake sanatchule.

A Emma anali atathamanga kuchokera ku esiteti, dengu la tiyi likanali kumsana. Anagwada pakati pa bwalo.

"Abale anga, achimwene angawa mwakula nawo. Ana anu angati anawaphunzitsa njira za m'phiri? Iwe Pilato, amene anakusenzetsa katundu woyamba ndani?" Kenaka anacheukira mwana wawo. "Lines, iwe unali pakhomo masiku onsewa. Ukudziwapo kanthu?"

Bwalo lonse linamuyang'ana. Apa ndi pamene panali pakhomo potulukira, ana inu, ndipo khomo lotere silitseguka kawiri.

"Ayi, amayi," anatero Lines.

Mwala woyamba unagwa padenga. Wachiwiri unawapeza a Isake pamwamba pa diso, nkuwagwetsa chogwada. Pilato anawavula chiphaso cha ugaidi chimene ankavala m'khosi, nachithyola pawiri, nkuponda. Wina kumbuyo anakuwa kuti abweretse machesi.

Lines anangogwira nsanamira ija.

5. Chithunzi

Belu la njinga linamveka kumsewu, ngiri ngiri ngiri. Anali a Morton, thukuta lili kamukamu, akumwetulira ngati wobwera kuukwati. Nkhani ya m'mudzimo inali isanawapeze, ndipo khamulo analiyesa msonkhano wa mapotala.

"Zikomo, zikomo, ndidutse nawo! Lines ali kuti? Nambala wani! Boma lonse la Mulanje, nambala wani! A Isake, kambiya kanu kaja kagwira ntchito. Taonani!"

Anakweza chithunzi m'mwamba. Pamenepo ndi pamene anaona magazi, dzanja lawo nkuyamba kutsika. Koma Pilato anali atachitsomphola kale.

Pachithunzipo panali Lines mu yunifolomu, akuseka, atakweza kambiya kofiira ka mizere pakhosi. Chithunzicho chinayenda dzanja ndi dzanja mpaka kumbuyo kwa khamu.

"Tabwera kuno, nambala wani," anatero Pilato. "Aka wakatenga kuti? Kakale kaja wakaponya kuti?"

"Ndi komweko," anatero Lines. "Sikatsopano ayi. Ndi kathu komwe kaja. Atsibweni anandikaniza, ndinakatenga ndekha. Kanali kakuda, ndiye... ndinangokatsuka."

Ngakhale uja wa machesi anatembenuka kumuyang'ana.

"Unatani?" anafunsa mayi wina wachikulire.

"Ndinakatsuka."

"Ndi chiyani?"

"Mchenga. Ndi phulusa. Ndi sopo."

Mayiyo anagwira kumutu. "Mayo ine! Kogulitsa tikanakalondola, mzungu ali ndi kwawo. Kotsuka tikalondola kuti? Unatsukira pati, iwe mwana?"

Lines analoza kumtsinje, kumtunda kwa potunga madzi.

Phokoso limene linabuka pamenepo linaposa loyamba lija. Amayi ena anayamba kulavula. Wina anathamangira kwawo kukataya madzi a mumtsuko.

"Tamwa nsembe! Sabata yathunthu takhala tikumwa chakudya cha akufa, ana athu tawaphikira phala!"

"Ndi zimene mukuphunzitsa kusukuluko, aphunzitsi?"

"Mfiti ya mwana! Atsibweni ake akukhetsa magazi iye ali phee!"

A Morton anayesa kunena kuti mwanayo sanadziwe, koma wina anakankha njinga yawo nkugwera mungalande. Khamu linayamba kusendera kukhonde.

"Imani!"

Anali a Isake. Anadzuka movutika, dzanja lili pachipumi, magazi akutsika m'zala. Anakaima pakati pa anthuwo ndi khonde.

"Chiphaso mwathyola, koma phanga simunandilande. Mlandu wa m'phanga woweruza ndine. Mwana uyu simumugenda. Amene akufuna kuponya mwala ayambe wamaliza ine."

"Ndiye weruzani timve," anatero Pilato. "Mukakondera, tiweruza tokha. Machesi alipo."

A Isake anayang'ana denga la udzu la mlongo wawo, anayang'ana zibonga zija, kenaka anatembenukira kwa Lines.

"Ndinakuuza kuti sudzalira wekha. Taona mayi ako ali pansi apo. Taona nkhope yanga. Ndinakhala chete kuti mwala ugwere ine, ndimayesa pakamwa pako patseguka pokha. Chapatsegula ndi chithunzi. Kutenga kuja ndikanati ubwana. Kutsuka kuja ndikanati umbuli, chifukwa za kutsuka sindinakuuze, sindinaganize kuti pali munthu angaganize zotero. Koma 'ayi' uja unawayankha mayi ako, ameneyo ndi wako wekha.

"Tsono imva, ndipo nonsenu mumve. Unatayira chakudya cha makolo m'madzi a phiri. Madzi a phiri ili sudzamwanso mpaka kambiya kaja kadzadenso bii ngati anzake. Ndanena."

A Emma analira mokweza, chifukwa anamva tanthauzo lake msanga. M'kambiya muja amathiramo kamodzi pachaka. Ndipo ku Mulanje kulibe mtsinje, kulibe mpopi, kulibe chitsime chimene madzi ake sachokera m'phiri.

Khamu linang'ung'udza, koma zibonga zinatsika. Pilato anaponya chithunzi chija pamapazi a Lines.

"Dzuwa lisakulowere kuno," anatero.

6. Ludzu

A Emma anamulongedzera zovala m'jumbo, nkumuperekeza kumsewu. A Isake sanatuluke m'nyumba. Podutsa pampopi, amayi amene anali pamenepo anaimirira nkutchinga mpopiwo ndi matupi awo mpaka Lines atapitirira. Ena mwa iwo anali oti anamubereka kumsana ali khanda.

"Upite ku Limbe kwa azakhali ako a Janeti, mlongo wawo wa malemu bambo ako," anatero a Emma. "Sukuwadziwa, anachoka uli wakhanda. Amagulitsa nthochi mumsika. Ukafunse. Ndipo mwanawe, m'njiramu usamwe kanthu. Anthu ali ndi maso, phirinso lili ndi maso."

Njinga yakabaza inamufikitsa pamsewu waukulu, ndipo anakwera minibasi ya ku Blantyre. Chiyambire m'mawa anali asanamwe madzi. Kukhosi kunali gwa, lilime ngati chikopa.

Minibasi itaima pa Chinakanaka, mayi wina anafika pawindo ndi beseni la madzi a m'timapepala.

"Ozizira! Ozizira! Tenga, mwanawe, milomo yachita kung'ambika."

Lines anatambasula dzanja, kenaka anaima.

"Madziwa ndi a kuti, mayi?"

"Iii, funso lanji limenelo? A m'phiri, nanga angachokere kuti?"

Lines anabweza dzanja nkuliika pamiyendo. Galimoto inanyamuka. Phiri linali kumbuyo, lalikulu, mitambo itaunjikana pamutu pake, ndipo ngakhale msewu unkakhota chotani silinkachoka pawindo. Chosamva anachiphikira m'masamba, ana inu.

Kondakitala anamugogoda paphewa.

"Iwe wa jumbo, ukatsikira pati?"

"Ku Limbe. Kwa a Janeti ogulitsa nthochi mumsika."

"A Janeti ati? A Janeti ndani?"

Dzina lachiwiri limene azakhaliwo ankadziwika nalo ku Limbe, Lines sankalidziwa.

Kondakitala anaseka, nkuuza dalaivala, dalaivalanso nkuseka.

"Mwana iwe, msika wa Limbe unauonapo? Tikafika anthu akuweruka. Ndipo minibasi ino ikangotsitsa, ikubwerera."